Makoko a Zipolopolo za Mizinga: Kuwazindikira, Kuwasamala ndi Kudziwa Mtengo Wake

Mawu oyamba

M'nyumba zina muno m'Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique mumapezeka chitsulo chachikasu, chobulungira, cholemera, chotseka kunsi koma chotsegula kukamwa. Ena amaikamo maluwa, ena amasungiramo ndodo ndi maambulera, ena anachipachika pamtengo kuti chikhale belu. Mukafunsa eni nyumba, yankho limangokhala lakuti, "Anabwera nacho agogo aamuna pochokera kunkhondo." Chimenechi ndi khoko la chipolopolo cha mzinga.

Ogula zitsulo zakale akamayenda m'midzi ndi sikelo zawo, makoko otere amapita kukasungunulidwa pa mtengo wongogulira mchere ndi sopo, mbiri ya banja n'kutheratu pomwepo. Choopsa kuposa pamenepo n'chakuti ena amatola chitsulo kumunda poyesa khoko, chikhalirecho ndi bomba lamoyo.

Kabuku kano kakuthandizani kuyankha mafunso atatu motsatana: Kodi chinthuchi n'chosaopsa? Chinachokera kuti? Mtengo wake ndi wotani? Musadumphe funso loyamba. Moyo uyambe, mbiri itsatire, ndalama zibwere pamapeto.

1. Khoko n'chiyani?

Chipolopolo cha mzinga chili ndi zigawo zitatu zikuluzikulu.

Choyamba ndi mutu. Ichi ndi chitsulo chochindikala, chosongoka kutsogolo, chimene chimatuluka mumzinga n'kukagwa kwa adani. M'kati mwake mumakhala mankhwala ophulika, kunsonga kwake kumakhala fyuzi yoyambitsa kuphulikako, ndipo chakunsi chimakhala ndi lamba wa mkuwa wofiira. Mutu ndiwo bomba lenileni.

Chachiwiri ndi khoko. Ntchito yake ndi kusunga wonga umene umakankha mutu uja. Mzinga ukalira, mutu umauluka, khoko limatsala, asilikali n'kulitulutsa lili lopanda kanthu.

Chachitatu ndi choyatsira, kachitsulo kobulungira komangidwa pakatikati kunsi kwa khoko. Kakamenyedwa kamatulutsa moto woyatsa wonga.

Makoko ambiri akale ndi a mkuwa wachikasu, wosakaniza magawo 70 a kopa ndi magawo 30 a zinki pa 100 alionse. Anasankha mkuwa umenewu chifukwa umafufuma wonga ukayaka n'kutseka mpata kuti utsi usabwerere kwa owombera, kenako umabwerera pang'ono kuti khoko lituluke mosavuta. Pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse kopa anasowa, choncho mayiko ena, makamaka Germany, anayamba kupanga makoko a chitsulo wamba. Makoko ambiri a ku Russia ndi ku China a zaka zotsatira nawonso ndi achitsulo, opakidwa utoto kapena vanishi.

2. Funso loyamba: kodi n'chosaopsa?

Kukalamba kwa bomba sikulipha. Ku France ndi ku Belgium alimi akufukulabe mabomba a nkhondo ya 1914 mpaka 1918 chaka chilichonse, ndipo akatswiri odziwa ntchitoyi ndiwo amadzawatenga. Mankhwala ena ophulika akakalamba sachedwa kupsa mtima: kugunda pang'ono kapena kutentha kwa dzuwa kumakwanira. Mu Malichi 2007 nkhokwe ya zida zakale ku Malhazine mumzinda wa Maputo inaphulika, n'kupha anthu pafupifupi 100.

Musagwire, musasunthe, musagogode chinthu chilichonse chooneka motere:

- chitsulo chosongoka, chotseka mbali zonse, chokhala ndi lamba wa mkuwa wofiira;
- khoko limene mutu wake ukadali pakamwa;
- khoko lotsekedwa kukamwa ndi katoni, chikopa, phula kapena dothi louma, moti simungaone m'kati;
- khoko lokhala ndi timatumba tansalu, timitengo tabulauni, timibulu kapena ufa m'kati, chifukwa umenewo ndi wonga;
- bomba lokhala ndi timapiko kumchira;
- kachitsulo kosongoka kamkuwa kokhala ndi manambala mozungulira, chifukwa imeneyo ndi fyuzi, ndipo payokha ikhoza kudula dzanja;
- chilichonse chotuluka madzi, mafuta, utsi kapena fungo lachilendo.

Mukachipeza kumunda, kudambo kapena pokumba maziko, siyani ntchito nthawi yomweyo. Bwererani njira imene munadzera. Ikani chizindikiro chapatali, monga nthambi kapena nsalu yofiira, osati pamwamba pa chinthucho. Uzani a mfumu ndi apolisi. Iwo ndiwo amaitana asilikali odziwa za mabomba. Ana ndi ziweto zisafikeko, ndipo pasayatsidwe moto wotentha mapesi kapena wosakira mbewa.

Ngati chili kale m'nyumba, musachinyamule kupita nacho kupolisi pa njinga kapena pa minibasi. Tulutsani anthu, tsekani chitseko, kaitaneni apolisi abwere okha.

Khoko losaopsa limakhala lotsegula kukamwa, ndipo mukaunika ndi tochi mumaona mpaka pansi, mopanda kanthu. Musaunike ndi machesi kapena kandulo. Mukatero yang'anani choyatsira. Ngati chinachotsedwa n'kutsala bowo, palibe vuto. Ngati chili ndi kadzenje pakati, kawirikawiri ndiye kuti chinawombedwa. Ngati chili chosalala, chitengeni kuti n'chamoyo mpaka katswiri atachiona. Ngakhale chokhala ndi kadzenje musachikhulupirire kotheratu, poti zina zinamenyedwa koma zinakana kuyaka. Lamulo la khoko lililonse ndi limodzi: lisaikidwe pamoto, lisabooledwe, lisadulidwe, lisawotcheredwe, ndipo choyatsira chisamenyedwe ndi msomali kapena hamala.

Pamamveka mphekesera zoti m'mabomba akale muli golide kapena "mekyule wofiira" wogulidwa ndi ndalama zankhaninkhani. Limeneli ndi bodza, ndipo lapha anthu amene anayesa kutsegula mabomba. Wokuuzani zimenezi sadzakhalapo pamene mukucheka.

3. Makokowa anafika bwanji kuno?

Kudziwa njira zimene makoko anadzera kumathandiza kuzindikira lanulo.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse, imene makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, inafika pakhomo pathu penipeni. Mu Ogasiti 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, motsogozedwa ndi Kaputeni Rhoades, inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, limene lero ndi Liuli ku Tanzania. Mzinga wa mtundu wa Hotchkiss wochokera m'sitima ya Guendolen uli ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi. Pa 9 Seputembala 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga, ndipo manda a ena mwa amene anafa tsikulo alipo mpaka lero. Kuyambira mu 1916 gulu la Angerezi la Jenerale Northey linalowa m'dziko lolamulidwa ndi Ajeremani, limene lero ndi Tanzania, kuchokera kumpoto kwa Nyasaland ndi Northern Rhodesia. Amuna a ku Nyasaland pafupifupi 200,000 anagwira ntchito ya mtengatenga, kusenza chakudya ndi mabokosi a zipolopolo pamutu, ndipo ambiri sanabwerere kwawo.

Mtsogoleri wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anawoloka mtsinje wa Rovuma kulowa m'Mozambique mu Novembala 1917. Chaka chotsatira analowa mu Northern Rhodesia, n'kulanda Kasama, ndipo anadzipereka ku Abercorn, kumene lero ndi Mbala, pa 25 Novembala 1918. Madera onse amene magulu amenewa anadutsa akhoza kukhala ndi zotsalira.

Pa nkhondo yachiwiri, ya 1939 mpaka 1945, asilikali athu a King's African Rifles (KAR) anamenya nkhondo ku Somaliland, ku Ethiopia, ku Madagascar ndi ku Burma. Ena anabwerako ndi zikumbutso. Mayina a asilikali a KAR amene anafa pa nkhondo yoyamba alembedwa pa chipilala cha ku Zomba.

Njira yachitatu ndi ya azungu a m'maesiteti, atsamunda ndi amishoni. Ambiri anali atamenya nkhondo ku Ulaya, ndipo anabwera ndi makoko monga zokongoletsera m'nyumba. Pochoka ankasiyira akhukhi, alonda ndi akalaliki awo. Choncho khoko lopezeka ku Thyolo kapena ku Chipata likhoza kukhala kuti linawombedwa ku France.

Njira yachinayi ndi nkhondo za ku Mozambique: yomenyera ufulu ya 1964 mpaka 1974, imene inafika m'chigawo cha Tete, ndi yapachiweniweni imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Zida zambiri za nthawi imeneyi zinali zochokera ku Russia ndi ku China. Mu 2015 dziko la Mozambique linalengeza kuti lachotsa mabomba okwirira pansi m'malo onse odziwika, koma zipolopolo zotayika patchire sizinalembedwe pa mapu. Anthu a m'malire, monga ku Nsanje, Mwanza, Ntcheu, Dedza, Mulanje, Angonia ndi Katete, asamale kwambiri ndi zotola pansi.

4. Kuyeza khoko

Mukatsimikiza kuti khoko n'lopanda kanthu, konzani rula kapena tepi ya atelala, sikelo, maginito, choko, pensulo ndi pepala. Maginito a m'sipika ya wailesi yakufa amakwanira.

Yambani ndi maginito. Akakana kumata, khokolo ndi la mkuwa. Akamata, ndi lachitsulo, ngakhale kunja kukuoneka kwachikasu.

Kenako yezani kukula kwa kamwa, m'kati mwake, kuchokera mbali ina kufika mbali inzake. Muyezo umenewu umayandikana ndi kukula kwa mzinga umene unaliwombera. Yezaninso kutalika. Fanizani ndi mndandanda uwu wa makoko odziwika (tanthauzo la PR lili m'gawo 5):

- kamwa mamilimita 23, kutalika masentimita 15, lachitsulo: mfuti yowombera ndege ya ku Russia;
- kamwa mamilimita 40, kutalika masentimita 31: mzinga wa Bofors wowombera ndege;
- kamwa mamilimita 47, kutalika pafupifupi masentimita 38: mzinga wa 3 PR, kawirikawiri wa m'sitima;
- kamwa mamilimita 57: mzinga wa 6 PR;
- kamwa mamilimita 75, kutalika masentimita 35: mzinga wa ku France;
- kamwa mamilimita 76, kutalika masentimita 31: mzinga wa Angerezi wa 13 PR;
- kamwa mamilimita 77, kutalika masentimita 23: mzinga wa Ajeremani wa nkhondo yoyamba;
- kamwa mamilimita 84, kutalika pakati pa masentimita 29 ndi 30: mzinga wa Angerezi wa 18 PR;
- kamwa pafupifupi mamilimita 90, kutalika masentimita 29: mzinga wa Angerezi wa 25 PR, wa nkhondo yachiwiri;
- kamwa mamilimita 105, kutalika masentimita 37: mzinga wa ku America.

Kamwa likagwirizana ndi mndandandawu koma kutalika n'kuperewera, n'kutheka kuti khokolo linadulidwa. Yang'anani m'mphepete mwa kamwa ngati muli zipsera za sowo kapena tupa.

5. Kuwerenga zolembedwa kunsi

Chiphaso cha khoko chili kunsi kwake. Litembenuzeni, pukutani ndi nsalu yonyowa pang'ono, pakani choko kuti chilowe m'zilembo, kenako pukutani pamwamba. Mukhozanso kuika pepala n'kulikhwekhwereza ndi pensulo. Pojambula ndi foni, kuwala kuchokere chammbali, osati pamwamba.

*Makoko a Angerezi.* Amakhala ndi chizindikiro cha muvi wa mizere itatu, chooneka ngati phazi la nkhuku, chosonyeza kuti ndi katundu wa boma. Muvi ukakhala m'kati mwa chilembo C, khokolo ndi la ku Canada; ukakhala m'kati mwa U, ndi la ku South Africa. Zilembo PR kapena PDR zimatchula mzinga potengera kulemera kwa mutu m'mapaundi: 18 PR ndi mzinga woponya mutu wa mapaundi 18, omwe ndi makilogalamu 8 ndi pang'ono. Manambala achiroma, monga I kapena II, amasonyeza kapangidwe. Chaka chimalembedwa chonse kapena manambala awiri omaliza. RL ndi fakitale ya boma ya ku Woolwich mumzinda wa London, EOC ndi kampani ya Elswick, VSM ndi Vickers, Sons & Maxim. Chilembo N chimasonyeza kuti linali la asilikali apamadzi. CF amatanthauza kuti linadzazidwa wonga wa cordite muyezo wathunthu, ndipo F aliyense wowonjezera akusonyeza kuti linabwezedwa kufakitale n'kudzazidwanso. N'chifukwa chake chaka cha pachoyatsira nthawi zambiri chimakhala cham'tsogolo kuposa cha pakhoko.

Tiyerekeze kuti mwawerenga izi: 18 PR II, RL, 1916, muvi, CF, ndipo pachoyatsira pali 4/17. Khokolo ndi la mzinga wa 18 PR, linapangidwa ku Woolwich mu 1916, linadzazidwa kamodzi, ndipo silikanawombedwa Epulo 1917 asanafike. Wina akakuuzani kuti linawombedwa pa nkhondo ya ku Karonga mu 1914, zilembozo zikumutsutsa.

*Makoko a Ajeremani.* A nkhondo yoyamba amalemba dzina la fakitale momveka, monga Patronenfabrik Karlsruhe kapena Polte Magdeburg, pamodzi ndi mwezi ndi chaka, monga MAI 1917 kapena DEZ 1915. Chisoti chachifumu pamwamba pa chilembo M chimasonyeza asilikali apamadzi. Chizindikiro chimenechi n'chofunika kuno kwathu. Sitima yankhondo ya Königsberg itamizidwa pamathiriro a mtsinje wa Rufiji mu Julayi 1915, Ajeremani anachotsamo mizinga yake khumi ya masentimita 10.5 n'kumamenyera nkhondo pamtunda. Umodzi uli ku Pretoria, wina ku Mombasa. Khoko la Ajeremani la kamwa la mamilimita 105, lotalika kupitirira theka la mita, lokhala ndi chisoti ndi M, musaligulitse musanalionetse kwa odziwa.

*Makoko a ku France.* Odziwika kwambiri amalembedwa 75 DE C, kenako zilembo za fakitale, nambala ya gulu ndi manambala awiri a chaka.

*Makoko a ku America.* Amalemba kukula ndi mtundu, monga 105MM M14, ndi chaka.

*Makoko a ku Russia ndi ku China.* Amakhala ndi nambala ya fakitale, manambala awiri a chaka, ndipo nthawi zina zilembo za chilankhulo chawo. Ambiri mwa amenewa ndi a nkhondo za ku Mozambique.

Lembani zonse monga zilili, ngakhale zimene simukuzimvetsa. Kachilembo kamodzi kakhoza kusintha nkhani yonse.

6. Makoko osemedwa

Makoko ena anagobedwa maluwa, mbalame, mbendera, baji ya gulu lankhondo kapena dzina la malo monga Ypres, Somme kapena Verdun. Ena anafinyidwa m'chiuno kuti akhale vazi, ena anadulidwa kukhala mbale ya phulusa la fodya. Ntchito imeneyi ankaigwira asilikali, akaidi a pankhondo, ovulala m'zipatala, komanso anthu wamba a ku France ndi ku Belgium amene ankagulitsa kwa alendo odzaona mabwalo a nkhondo itatha.

Kusema kwakale sikuwononga khoko. Kumalisandutsa chinthu china chokhala ndi mtengo wakewake. Chofunika ndi kusiyanitsa kusema kwakale ndi kwadzana. Mizere yakale imakhala yakuda m'kati mofanana ndi khoko lonse, ndipo m'mphepete mwake munasalala ndi manja. Mizere yatsopano imawala ndipo imakanda chala. Fanizaninso zaka: khoko lolembedwa "1914" pambali koma kunsi kuli 1942 silinaone nkhondo yoyamba. Ndipo inu musalembepo dzina lanu kapena la agogo. Mbiri ilembedwe papepala.

7. Mtengo wake

Khoko lili ndi mitengo itatu, ndipo wogula aliyense amakuuzani umene ukumukomera.

*Mtengo wa pasikelo.* Uwu ndi wotsikitsitsa. Yezani kulemera kwa khoko, funsani ogula awiri kapena atatu mtengo wa kilogalamu ya mkuwa wachikasu tsiku limenelo, muchulukitse. Khoko la 18 PR kapena 25 PR silifika makilogalamu awiri, choncho ndalama yake siipita patali. Khoko lachitsulo pasikelo ndi chabechabe. Dziwani mtengo umenewu kuti wina asakupatseni wocheperapo, osati kuti mugulitsire pamenepo.

*Mtengo wa osonkhanitsa zinthu zakale.* Pano anthu ambiri amayembekezera zoposa. Kukalamba kokha sikukweza mtengo. Pa nkhondo yoyamba mizinga ya 18 PR inawombera zipolopolo pafupifupi 100 miliyoni ku France ndi ku Belgium, choncho makoko ake ali mbwee m'misika ya zinthu zakale ku Britain, ndipo losasemedwa limagulidwa ndi ndalama ya mapaundi makumi ochepa chabe. N'chimodzimodzi la 25 PR ndi la 75 la ku France. Zimene zimakweza mtengo ndi izi:

- kusowa kwa mtundu wake, monga makoko a mizinga ya m'sitima, a zaka za 1914 isanafike, kapena a Ajeremani a nkhondo ya kuno kum'mawa kwa Africa;
- zilembo zowerengeka bwino kunsi;
- kukhala lathunthu: losadulidwa, losabooka, lopanda ming'alu, losapindika;
- khungu lakale losakwechedwa;
- kusema kwaluso, makamaka makoko awiri ofanana, kapena lokhala ndi dzina la msilikali ndi gulu lake;
- umboni wa kumene linachokera.

Umboni ndiwo umaposa zonse. Khoko wamba likakhala pamodzi ndi mamendulo a agogo, chiphaso chawo chotulukira usilikali, nambala yawo ndi chithunzi, limasanduka nkhani ya munthu wodziwika dzina. Musalekanitse zinthu zimenezi. Wogula wochenjera amafuna kutenga mamendulo okha kapena khoko lokha, ndipo chotsalacho chimagwa mtengo.

Pofufuza pa intaneti, musatengeke ndi mitengo imene ogulitsa akutchula. Funani mtengo umene chinthu chofanana ndi chanu chinagulidwadi pa okushoni, muone zitatu kapena zinayi, mutenge wapakati. Kumbukiraninso kuti mtengo wa ku London si wa ku Limbe: pali ndalama ya okushoni, yonyamulira ndi ya zilolezo. Ngati muli ndi m'bale ku Britain kapena ku South Africa, mtumizireni zithunzi ndi miyezo akafunse kwa ogulitsa zinthu zakale zankhondo. Safunsa anadya phula.

*Mtengo wa mbiri.* Uwu suyezedwa pasikelo kapena pa okushoni. Za akuluakulu a nkhondo zinalembedwa m'mabuku ambiri, koma za asilikali akuda ndi amtengatenga zinatsala m'mitu ya anthu ndi m'tinthu tochepa tosungidwa m'mabanja. Khoko likasungunuka, adzukulu amataya poyambira kufunsa.

Chenjerani ndi wogula wofulumira, wonena kuti "ndi chitsulo chabe" koma osafuna kuchoka, komanso wolonjeza mamiliyoni n'kupempha kuti muyambe mwamutumizira ndalama ya "mapepala" pafoni. Musapereke khoko kwa munthu woti "akaliyezetse kutauni" popanda mboni ndi kalata. Ndipo ngati ndi chuma chamasiye, banja lonse ligwirizane kaye.

8. Kasamalidwe

Makoko ambiri amawonongeka ndi ukhondo wopitirira. Khungu labulauni limene mkuwa umavala ndi zaka ndilo ogula amafuna, ndipo limateteza chitsulo. Musalikweche ndi mchenga, phulusa, waya wotsukira mapoto, sanipepa, kapena mandimu ndi mchere. Ngakhale Brasso, akamapakidwa kawirikawiri amadya zilembo pang'onopang'ono. Kutsuka kokwanira ndi madzi ofunda, sopo pang'ono ndi nsalu yofewa, kenako kuumitsa bwino kunja ndi m'kati.

Sungani khoko pouma, m'nyumba, lisakhudze simenti yonyowa. Lisakhale m'khola, pafupi ndi zitosi za nkhuku, kapena m'chipinda chosungira feteleza. Mpweya wa amoniya wochokera mu mkodzo wa ziweto umang'amba mkuwa. Asilikali a Angerezi anazindikira zimenezi ku India, zipolopolo zawo zosungidwa m'makola a akavalo zitayamba kuchita ming'alu nyengo ya mvula.

Mukafuna kuikamo maluwa, lowetsani botolo m'kati, madzi akhale m'botolomo. Musasungiremo chakudya, mbewu zodya, madzi akumwa kapena mowa, ndipo musasinjiremo tsabola kapena mankhwala azitsamba. M'kati mumatsalira zinthu zapoizoni zochokera ku wonga ndi choyatsira, ndipo dzimbiri lobiriwira la mkuwa nalo ndi loipa m'thupi. Kuliimba ngati belu kumalipinda ndi kuling'amba. Limu ya galimoto imagwira bwino ntchito imeneyo.

9. Malamulo

M'Malawi, monganso m'mayiko oyandikana nawo, kusunga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Khoko lokhala ndi choyatsira chamoyo kapena wonga likhoza kukuikani m'mavuto ngakhale munalilandira kwa makolo. Pokayika, pemphani apolisi adzalione, ndipo akatsimikiza kuti n'lopanda kanthu, pemphani kuti akulembereni kalata.

Lamulo la Monuments and Relics Act limateteza zinthu zakale za m'Malawi, ndipo kuzitulutsa kunja kumafuna chilolezo cha nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Ku Zambia ntchito imeneyi ili m'manja mwa National Heritage Conservation Commission. Kukumba pamalo a nkhondo kapena pamanda a asilikali pofunafuna zitsulo n'koletsedwa, n'koopsa, ndiponso n'kusalemekeza akufa.

Musaike khoko m'chikwama chokwera nacho ndege kapena basi yodutsa m'malire, ndipo musalitumize papositi mwakachetechete. Makina oyezera katundu amaliona ngati chida, ndipo mwini chikwama ndiye amagwidwa.

10. Kumene mungapeze thandizo

Nyamulani zithunzi ndi miyezo poyamba, osati khoko lenilenilo. M'Malawi mungafunse ku nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, ya ku Karonga, ya Lake Malawi ku Mangochi, kapena ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House. Pofufuza za msilikali, yambirani ku National Archives ku Zomba. Ku Zambia kuli Moto Moto Museum ku Mbala ndi Livingstone Museum. Ngati banja silingathe kusunga khoko bwino, lingathe kulipereka kapena kulibwereketsa ku malo otere, dzina la mwini wake n'kulembedwa.

11. Khadi la mbiri ya khoko

Tengani tsamba la m'kope mulembe izi, musunge pamodzi ndi makalata ofunika a pabanja:

- Dzina la amene anabwera nalo, mudzi, mfumu yaikulu ndi boma
- Gulu lake lankhondo ndi nambala, ngati zikudziwika
- Kumene anapita ndi chaka chimene anabwerako
- Amene wafotokoza mbiriyi, ndi ubale wake ndi mwini khoko
- Kukula kwa kamwa, kutalika, kulemera, mkuwa kapena chitsulo
- Zonse zolembedwa kunsi ndi pachoyatsira
- Zinthu zina zoyendera limodzi: mamendulo, zithunzi, makalata
- Tsiku limene apolisi kapena katswiri analiona

Siyanitsani zimene mwawerenga pakhoko ndi zimene mwamva kwa anthu. Zonse n'zofunika, koma zisasakanizike. Yambani ndi mizere inayi yoyambirira sabata ino, pamene agogo, azakhali kapena amalume odziwa nkhaniyi akadali moyo. Miyezo ndi zilembo zidzadikira, koma wofotokoza sadikira. Mukamaliza, itanani ana onse a pakhomo, muwaonetse kusiyana kwa khoko ndi bomba, ndipo muwauze kuti chitsulo chachilendo chopezeka patchire sachitola: amachisiya pomwepo n'kukauza akuluakulu.